Munsi Unagunda Katatu

Chinayamba ngati lole yolemera imene ikutsika mtunda wa ku Katoto itazimitsa nyali. Dinah Manda, amene aliyense pa poloti ankangomutchula kuti NyaManda, anachimva asanatsegule maso, pakuti masiku amenewo ankagona khutu limodzi lili panja. Kwa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi anali ataphunzira mawu a galimoto iliyonse yodutsa mu Mchengautuwa. Ya buledi inkatsokomola ikafika pa kona, ya chipatala inkalira ngati mbuzi, ndipo ina ija yoyera, imene ankaiopa, inkabwera mosalala n'kuima osazimitsa injini. Koma ichi chinalibe magiya. Sichinkachokeranso ku msewu ayi, chinkachokera pansi pa bedi.

Makapu pa thireyi anayamba kugundana, ngwe ngwe ngwe. Galasi la nyali linanjenjemera, malata analira, agalu a Mchengautuwa yense anayamba kuuwa nthawi imodzi. Kenaka bedi linasuntha ngati wina walikankha ndi bondo.

Chivomezi.

Chinthu choyamba chimene Dinah anamva mumtima, ndipo anachita nacho manyazi pambuyo pake, chinali chimwemwe. Si iwo. Ndi dziko chabe limene likugwedezeka.

Ananyamula mwana wake Eness, wa miyezi isanu, n'kumufunda bulangete. Asanathamangire ku khomo lakunja anayamba wakankha chitseko cha kachipinda kam'kati, kosungiramo makala ndi masutikesi. Mmenemo, kuseri kwa matumba, ndi mmene mwamuna wake Jasper Mwalweni, mphunzitsi wa jogalafe, ankabisala. Anthu onse a pa poloti anauzidwa kuti aphunzitsi anapita kwawo ku Kaporo kukaona bambo awo odwala. Amuna a galimoto yoyera aja anauzidwa chimodzimodzi, ndipo sanakhulupirire.

"Bambo a Eness, tulukani, nyumba igwa!"

"Tsitsa mawu," ananong'ona Jasper mumdima. "Tuluka ndi mwana. Ine ndiima pa felemu ya chitseko, pamenepa m'polimba."

"Njerwa zake n'zosaotcha izi."

"Njerwa ikandigwera udzandiika m'manda ukudziwa pamene ndagona. Aja akanditenga ukandifuna kuti? Pita!"

Panja kunali kuzizira kwa mwezi wa Juni, kuja kwa ku Mzuzu kolowa mpaka m'mafupa. Mdadada wonse wa zitseko zisanu ndi ziwiri unali utalavula anthu ake pabwalo, ena atavala mabulangete, ena zitenje za pachifuwa. Zebedee, telala wa khomo lachitatu, anaima atakumbatira mutu wa makina osokera ngati khanda.

"Taonani mwamuna wanga!" anakuwa mkazi wake Mabel, ana awiri atamugwira miyendo. "Makina watulutsa, ife watisiya. Zebedee, kuyambira lero uzigona ndi makinawo, azikuphikiranso."

"Iwe uli ndi miyendo, makina alibe," anayankha Zebedee, mano akugundana.

Anthu anaseka kuseka kwa mantha. Nthaka inali itakhala bata, koma palibe amene ankafuna kukhala woyamba kubwerera m'nyumba.

Pamenepo ndi pamene NyaHarawa anatulukira kuseri kwa khitchini akugubuduza mtondo. Anali mwini poloti, mayi wamasiye wa thupi lalikulu amene ankachita geni ya mpunga wa ku Karonga. Analinso mkulu wa amayi a chipani pa nthambi yawo, ndipo anthu ankanena kuti baji yawo amaivala ngakhale popita ku bafa. Mwana wawo Goodwell anali wa yufi, gulu la achinyamata a chipani, mmodzi mwa aja oima pa geti la msika kufunsa makhadi a chipani. Sabata imeneyo anali ku Ekwendeni kukonzekera msonkhano.

NyaHarawa anaimika mtondo pakati pa bwalo, n'kuyang'ana kumwamba.

"Ye, ye! Tilipo!" anafuula. Kenaka anatembenukira kwa anthu awo. "Mwangoti kukamwa yasa, simukudziwa? Kwathu ku Hewe dziko likagwedezeka chonchi ndiye kuti Chiuta akufunsa ngati anthu ake tilipo. Timayankha. Mayi aliyense agwire munsi, agunde kamodzi pa mutu uliwonse umene wagona m'nyumba mwake usiku uno. Amene sanamugundire, chaka sichimuthera. Adada anga anaiwala mlongo wanga ali ku nkhokwe, mvula isanagwe tinali titamuika."

"Mama, inu a Umanyano wa ku tchalitchi, mukukhulupirira zimenezi?" anafunsa Zebedee.

"Tchalitchi n'cha pa Sabata. Lero n'Lachisanu. Mabel, gwira munsi, ndipo makinawo usawagundire."

Mabel anagunda kanayi, mtondo wopanda kanthu ukulira du, du, du, du. Munsi unapita khomo lachinayi, lachisanu, lachisanu ndi chimodzi. Kutali, cha ku Geisha, kunkamvekanso mtondo wina umodzi ukuyankha. NyaHarawa ankawerenga ndi milomo, maso ali pa dzanja la wogundayo. Khomo lotsiriza linali la Dinah.

Dinah sanali mbuli. Anadziwa bwino chimene chagwedeza bedi lake. Anali atachijambulapo m'kope ndi pensulo, miyala ya pansi ikutsetsereka, ina kutsika, ina kukwera. Anadziwa kuti pansi pa Mchengautuwa palibe khutu lomva mtondo. Anamupereka mwana kwa Mabel, n'kugwira munsi wozizira ndi manja awiri.

Du. Iye mwini.

Du. Eness.

Munsi unakweranso wokha. Unaima m'mwamba. Anaona maso a NyaHarawa. Anaonanso khomo lake, lotseka, ndi munthu woimirira pa felemu mumdima, amene dzina lake linali litachoka kale pa mndandanda wa aphunzitsi, amene anansi ake sankamupatsanso moni chifukwa kwa iwo kunalibe, amene ngakhale mwana wake sankaloledwa kumusekerera masana. Dziko lonse linali litavomera kuti Jasper kulibe. Tsopano nayenso mkazi wake avomere, pamaso pa chimene chagwedeza mapiri?

Du.

Maso onse anatembenukira kwa Dinah.

"Eee, wachitatu ndi wa m'mimba!" anatero Zebedee. "Aphunzitsi anasiya homuweki asanapite!"

Anthu anafa nalo phwete, Mabel n'kumumenya mwamuna wake pa phewa. NyaHarawa sanaseke.

"Wa m'mimba sitimugundira," anatero motsitsa. "Sanaponde pansi."

Anagubuduza mtondo wawo kubwerera nawo ku khitchini. Dinah anatenga mwana n'kulowa m'nyumba, ndipo atakhoma chitseko ndi pamene anazindikira kuti munsi ukadali m'dzanja lake.

Dinah anabadwira ku Chintheche, mwana wachinayi wa bambo wosoka maukonde. Kuyambira ali wamng'ono anali wa maso. Amayi ake ankati mwana uyu sayankhula, amangosunga. Ankadziwa kuti nkhuku iti yaikira kuti, kuti malume abwera ataledzera kapena atakwiya pongomva mmene atsamiritsira njinga. Ku sekondale anakhoza mayeso a Fomu 2, koma ali pakati pa Fomu 3 amayi ake anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo panalibe mwana wamkazi wina wowasambitsa. Anabwerera ndi sutikesi ndi makope asanu ndi atatu, ndipo makopewo sanawataye.

Jasper anakumana naye pa benchi ya chipatala, iye akudikira mankhwala a amayi ake, mnyamatayo atabwera ndi chala chotupa. Anali wowonda, wa ku Karonga, woyankhula Chichewa cha m'kalasi chosakaniza ndi Chingerezi. Anyamata ena akafuna mkazi amayamba ndi maso ake kapena mayendedwe. Jasper anatulutsa banzi m'thumba, n'kuyamba kulikoka pang'onopang'ono mbali ziwiri mpaka pakati panang'ambika.

"Nyanja yanu ija ndi imeneyi," anatero. "Ndi mng'alu basi. Dziko likung'ambika, madzi anangopezapo pokhala. Chaka chilichonse ukukula pang'ono, ngati mmene chikhadabo chimakulira."

Dinah anakwiya m'malo mwa nyanja. Masabata awiri sanamuyankhule. Koma usiku ankagona n'kumaganiza kuti pansi pa mphasa yake pali chinthu chimene chikuyenda, chimene chinayamba kuyenda agogo a agogo ake asanabadwe, ndipo anapeza kuti akufuna kumva zina. Amayi ake atamwalira, anakwatirana.

Zaka ziwiri anakhala ku Mulanje, kumene Jasper ankaphunzitsa. Kumeneko Dinah anaphunzira Chichewa cha kumsika, ndiponso zonse zimene mwamuna wake ankakonzekera kukaphunzitsa m'mawa mwake, chifukwa ankayamba waziyesera pa iye. Anaphunzira kuti nthaka imene timaponda ndi kakhungu chabe, ngati kaja kamauma pamwamba pa phala, ndipo pansi pake m'potentha ndipo pakuyenda. Anaphunzira kuti kuwala kwa nyenyezi zina kunanyamuka kwawo anthu asanayambe kulima. Zinkamuchititsa chizungulire chokoma.

Kenaka linatuluka lamulo lakuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Anakwera lole ndi katundu wawo, Dinah ali ndi pakati potopa, n'kudzatsikira ku Mzuzu kumene sukulu imodzi inali ndi aphunzitsi a jogalafe anayi ogawana choko chimodzi. Jasper sankagona. Ankangoganiza za ana ake a Fomu 4 amene anawasiya pakati pa silabasi. Tsiku lina iye ndi anzake asanu analemba kalata ya ulemu kupita ku likulu, kufunsa funso limodzi lokha: ana aja awamalizitsa ndani? Anasaina maina awo onse, mwaukhondo, monga aphunzitsi.

Anayi anatengedwa sabata imodzi. Wachisanu anathawa. Jasper anachenjezedwa ali m'kalasi, anatulukira pa windo, n'kukagona masiku awiri mu uvuni wa njerwa ku dambo. Masiku awiri amenewo ndi pamene amuna a galimoto yoyera anasecha nyumba, mpaka kutsanula matumba a makala. Usiku wachitatu, mvula ya mawawa ikugwa, Jasper anagogoda pa windo lakuseri. Kuyambira pamenepo amuna aja ankangobwera kudzafunsa pakhomo. Mmodzi ankakonda kugwira kaphazi ka Eness n'kumati, "Adadi ali kuti, bebi?"

Kubisa mwamuna m'nyumba ya lendi ndi ntchito ya maso. Dinah ankaphika chakudya cha munthu mmodzi, chifukwa pa mdadada mayi aliyense amadziwa kukula kwa poto wa mnzake, ndipo chakudyacho ankachigawa pawiri. Mkaka wake unayamba kuchepa. Ndowa ya mwamuna wake ankakaitaya m'bandakucha ataiphimba ndi matewera. Malaya ake ankawayanika pansi pa bedi. Jasper akafuna kutsokomola, Dinah ankatsegula wayilesi. Zonsezi anazichita masiku khumi ndi asanu ndi limodzi osaphonya ngakhale kamodzi, n'kudzaziwononga yekha ndi munsi.

Atalowa m'kachipinda kaja usiku umenewo anapeza Jasper atakhala pa sutikesi, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Khoma lakuseri linali litang'ambika kuchokera ku denga mpaka pansi, mng'alu wolowa chala. Mphepo inkaimba mmenemo.

"Ndamva," anatero Jasper. "Ndinawerenga nawo."

Dinah anagwada, mwana ali pachifuwa.

"NyaManda, iwe unakhoza jogalafe kuposa ana anga a Fomu 4. Unagundira ndani? Mwala?"

"Ndikudziwa."

"Makilomita angapo pansi pathu mwala watsetsereka pa unzake. Basi. Sunafunse za ine, sunafunse za NyaHarawa. Sukudziwa n'komwe kuti pamwamba pake pali tauni." Anaika diso pa mng'alu uja. Nkhungu inali itang'ambika, ndipo nyenyezi imodzi inkaoneka. "Ukudziwa, mmene nyumba imagwedezeka muja ine ndinamva mtendere. Ndinati, nachi chinthu chachikulu chimene chilibe pepala la dzina langa. Chikandipha chindipha osandida. Masiku onsewa ndimangoganiza za anthu amene akundifuna. Ndinaiwala kuti kunja kuno n'kwakukulu, ndipo pafupifupi konse sikukundifuna, sikukundidziwa."

"Inu zimenezo zimakutonthozani," anatero Dinah. "Ine zimandiopsa."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ngati aja akukufunani kuti akufufuteni, ndipo dziko silikudziwa kuti mulipo, ndiye watsala ndani wodziwa? Ine ndekha. Ndikatseka pakamwa inenso, ndiye kuti kulibedi." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Zonse zimene munandiphunzitsa ndimazikhulupirira, bambo a Eness. Mutu wanga unapita ku sukulu. Dzanja ili silinapite."

Jasper anatambasula mkono n'kugwira dzanjalo. Anakhala choncho mpaka tambala woyamba, aliyense akumvetsera ku msewu.

Galimoto sinabwere.

M'mawa wa Loweruka NyaHarawa anazungulira mdadada wonse ndi khala m'manja, akulemba mtanda paliponse pamene khoma lang'ambika. Dinah anawamva akuima kuseri kwa kachipinda kaja. Anali atatseka mng'alu ndi nsanza m'kati, koma anamva khala likukanda njerwa, kwe, kwe, mwina mikono iwiri kuchokera pa mutu wa Jasper. Kenaka mapazi olemera anazungulira kubwera kumaso.

"Odi kuno!"

Dinah anatuluka ndi beseni la matewera n'kuima nalo pakhomo penipeni. "Mwawuka uli, mama?"

"Tawuka makola, kwali imwe?"

"Tawuka, yewo."

NyaHarawa anamuyang'ana kuyambira ku mapazi mpaka ku mpango. "Waonda, NyaManda. Woyamwitsa amadya za anthu awiri. Iwe ukuoneka ngati ukudya za theka la munthu."

"Ndi kuzizira, mama."

"Kuzizira." Anapukuta zala zakuda pa chitenje. "Khoma lako lang'ambika chomene kuposa onse. Lolemba kubwera mmisiri, Amos, alowa chipinda chilichonse, atulutsa katundu yense panja kuti amate bwino. Goodwell akufikanso Lolemba lomwelo, ndamutumizira uthenga kuti adzamuthandize kuponda matope. Ine sindidzakhalapo. Lolemba m'bandakucha ndikunyamuka wa ku Karonga kukatenga mpunga, lole yadzaza kale ndi matumba opanda kanthu."

"Muyende bwino, mama."

"Ndimayenda bwino nthawi zonse. Anyamata a pa rodibuloko akaona baji iyi amangoti pitani mama, mutibweretsere wa phala." Anayamba kuchoka, kenaka anatembenuka. "Munsi wanga unalowa nawo m'nyumba usiku. Usatume mwana. Ukatha nawo ntchito ubweretse wekha."

Tsiku lonse la Loweruka Dinah anawatembenuza mawu amenewo ngati munthu wosankha nyemba. Anawauza Jasper liwu ndi liwu, ndi mmene anaimira, ndi pamene anapumira.

"Ndi msampha," anatero Jasper. "Akufuna ndituluke ndekha, asavutike ndi kuthyola chitseko chawo."

"Akanafuna akanatumiza munthu usiku womwe uja. Polisi si ku Joni."

"Akudikira mwana wawo, kuti ulemu ukhale wa Goodwell. Mwina amukweza." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Tamvera, mayi a Eness. Mawa madzulo ndivala tayi ndi nsapato zanga, ndituluka kukada, ndikadzipereka ndekha. Ndikanena kuti ndachokera ku Kaporo pa basi. Akandipeza muno Lolemba atenga ndi iwe, ndipo Eness ayamwa chiyani?"

"Ngati mmene anadziperekera a Overtoun?"

Overtoun anali mmodzi mwa anayi aja, amene anamutenga atapita yekha kukadzionetsa ku polisi. Mkazi wake anali atayenda ndi kontena ya chakudya pa mageti atatu osiyanasiyana, ndipo paliponse munthu wa pa geti ankatsegula buku, kuyendetsa chala, n'kunena kuti dzina limeneli mulibe. Dinah anakumana naye kumsika, akugulabe tomato wa ndiwo za mwamuna wake.

Usiku wa Loweruka galimoto sinabwerenso.

Pa Sabata Dinah anapita ku tchalitchi, chifukwa kusapita kukanaoneka. Anakhala kumbuyo, maso ali pa msana wa NyaHarawa, pa bulauzi yoyera ya Umanyano. Ankafuna msanawo umuuze kanthu. Anakumbukira tsiku limene mayi yemweyu anabweza nkhalamba pa chigayo chifukwa inalibe khadi, nkhalambayo n'kusenza chimanga chake kubwerera nacho. Anakumbukiranso mlendi wina wa ku Nsanje amene anafera m'chipinda chachiwiri wopanda m'bale, ndipo NyaHarawa anatenthetsa madzi osambitsa mtembo, n'kupereka nsalu yawo yatsopano, akunena kuti pa poloti yawo palibe amene amachoka ngati galu. Zonse ziwiri zinali zoona. Dinah sanathe kuzipanga kukhala munthu mmodzi. Abusa ankalalikira za chivomezi, kuti ndi chenjezo kwa oledzera, ndipo Zebedee ankagwedeza mutu mwamphamvu ngati sizikumukhudza.

Pobwerera anadutsa njira ya mchenga woyera, mwana ali kumbuyo, ndipo anapeza kuti akuponda mosamala, ngati munthu woyenda pa ulalo wa mitengo. Chiyambire Lachisanu sankaikhulupiriranso nthaka. Ankaganiza za phala lotentha lija lili pansi, ndi kakhungu kamene kanyamula tchalitchi, msika, ofesi ya chipani, galimoto yoyera, zonse pamodzi. Amuna aja nawonso anathawira panja ndi mabulangete usiku uja. Nawonso wina anawagundira kapena sanawagundire. Lingaliro limenelo silinamupatse mphamvu, koma linawachepetsa pang'ono msinkhu.

Atafika anapeza Jasper atatulutsa tayi m'sutikesi, akuiwongola pa bondo. Nsapato anali atazipukuta ndi nsanza n'kuziika pafupi ndi chitseko, mphuno zake zitaloza kunja.

Dinah anayamwitsa mwana. Mabere anali opepuka, ndipo Eness ankakoka n'kusiya, kukoka n'kulira. Dzuwa litapendeka makapu pa thireyi anayambanso, ngwe ngwe, pang'ono chabe, ngati munthu wadutsa pafupi ndi tebulo. Fumbi linatsika pa mng'alu. Panja ana anakuwa, zitseko zinatseguka, koma chinali chitatha kale.

"N'zotsalira," ananong'ona Jasper. "Miyala ikufuna pokhazikika. Zichitika kangapo."

Dinah sankamvera iye. Ankamvera ku mapeto a mdadada. Anamva chitseko cha NyaHarawa, kenaka mawu awo, "Ye, ye! Tilipo!" Anadikira kulira kwa mtondo. Sikunamveke. Munsi unali pano, utatsamira pa khoma pafupi ndi bedi, ndipo pa mdadada wonse amayi anayi anali ndi minsi yawo imene NyaHarawa akanabwereka. Sanabwereke. Sanaitanenso anthu kuti abwere pabwalo kudzagunda khomo ndi khomo. Mayi amene amakhulupirira kuti wosagundiridwa chaka sichimuthera analola chivomezi chidutse osawerengetsa anthu ake pamaso pa anthu.

Mwina anaona kuti n'chaching'ono. Mwina anatopa. Dinah anadziwa kuti ulusi umene akugwira ndi woonda, woti Zebedee sangasokere ngakhale batani. Koma kumbali inayi kunali tayi, geti, ndi chala choyenda m'buku. Ndipo ku Kaporo, kupitirira Karonga, kunali mtsinje wa Songwe, malire a dziko lino, umene Jasper anakula akuwolotsapo ng'ombe za bambo ake, ndipo ankadziwa pamene madzi amalekeza m'mawondo mwezi wa Juni.

Anamangirira Eness kumbuyo, n'kulimbitsa mfundo kawiri. Anawerama, n'kutola nsapato za mwamuna wake, kuziponya m'ndowa ya madzi n'kuvundikira. Kenaka anatola munsi.

"NyaManda, wapenga?"

"Simukadzipereka opanda nsapato. Ndimakudziwani."

"Ukupita kuti ndi munsiwo?"

"Kukabweza."

Jasper anaimirira, mutu n'kugunda pa shelefu. "Ukawauza, ndiye watipereka tonse atatu m'manja mwawo. Sungabwezenso mawu."

"Ndinawauza kale Lachisanu. Chatsala n'kuwapempha." Dinah analoza windo lakuseri. "Mukamva ndikuimba nyimbo ya mwana pobwera, ndiye kuti mawa mugona pansi pa matumba a mpunga. Mukamva ndikuitana Mabel mokweza, tulukirani pa windo, dambo mukulidziwa, musadikire nsapato."

"Ukanena kuti chiyani?"

Dinah anali atawakonza kale mawuwo ali m'tchalitchi, ndipo anali ochepa. Akagwada, akaika munsi pansi pamaso pawo, akanena kuti: mama, munawerenga bwino, tilipo atatu, ndithandizeni kuti pofika mawa tikhale awiri koma wachitatuyo akhale ali moyo kwinakwake pamene nthaka ingamunyamule.

Sanamuuze Jasper zimenezo. Anangomuyang'ana bwinobwino, ndevu za masiku khumi ndi asanu ndi atatu, fumbi m'tsitsi, tayi m'manja, monga ankayang'anira zinthu zonse zimene ankafuna kusunga. Kenaka anatseka kachipinda, anatsegula wayilesi, n'kutuluka ndi munsi paphewa. Pakati pa khomo lake ndi la NyaHarawa panali zitseko zisanu, ndipo anaganiza zopatsa moni pa chilichonse, mwaulemu, osafulumira, ngati mayi amene akungokabweza chinthu chobwereka.